Bambo Ako Sanakukwiyire za Maroketi Zija

Takondwa mwana wanga,

Ndakhala pakhonde masana ano iwe utapita ku Nazombe kukatsanzika amayi ako aang'ono. Zovala zako ndaanula, zina ndasita, koma sutikesi ija yakana kutsekeka poti waikamo nsapato ngati ukukatsegula sitolo. Ndati ndilembe chifukwa ndikamayankhula pakamwa umandidula ndi "ndamva amayi" ndisanafike kumene ndimapita. Pepala sungalidule. Uwerenge lero lomwe ukangofika, usati ukawerengere m'ndege, chifukwa muli ntchito yoti uichite usanachoke pakhomo pano.

Mawa ukupita kunja kukagwira ntchito ndi kuphunzira kukampani yopanga masetilaiti ija. Ine ndine wokondwa, ndisakunamize. Ndikamayenda pa Migowi masiku ano ndikumva ngati ndatalika. Koma pali chinthu chimodzi chikundidya, ndicho chakuti ukuchoka ukuganiza kuti bambo ako akukwiyira. Ndakhala ndikukuonani nonse awiri. Iwe ukalowa m'nyumba, iwo akutuluka kukaona mbuzi zomwe aziona kale. Iwo akakhala pabwalo, iwe ukukhotera kukhitchini ngati muli chimene ukuphika. Moni wanu ndi wa anthu okumana kuchigayo. Zimenezi zikundiwawa, ndipo sindikufuna ukwere ndege utazinyamula mumtima.

Ndikukumbutse momwe zinayambira, poti iwe unali mkati mwa mkangano ndipo sunaone zonse. Unali ndi mwayi uwiri. Wina unali wa boma, wokaphunzira kubungwe la boma la dziko lina loona za mlengalenga, n'kudzabwerera kudzagwira ntchito kwa oona zanyengo kuno. Wina unali wa kampaniwu. Lamlungu lija titaweruka kutchalitchi tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, ine, iwe, bambo ako ndi atsibweni ako a Muhiwa, achimwene anga. Bambo ako, munthu amene anagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi m'boma mpaka tsitsi kuyera, anayamba ndi mawu awo aja a pamsonkhano wa alimi.

"Kumwamba si msika. Za kumwamba n'za anthu onse, ndiye azigwire ndi boma. Kampani ikaona kuti phindu palibe imapakira n'kumapita. Ndani adzatumize chombo kuti chiziyang'ana mitambo ya ku Phalombe kuno, kwa anthu oti sangalipire?"

Iwe sunachedwe. "Ababa, maboma akhala ndi maroketi zaka zonsezi, koma roketi yonse ankaitaya ulendo umodzi wokha. Makampani ndi amene akuibweza pansi n'kuigwiritsanso ntchito. N'chifukwa chake lero ngakhale dziko losauka lingathe kutumiza kasetilaiti kake. Maboma omwewo akuchita kuhayala makampani kuti awanyamulire katundu."

"Inde, n'kumanyamulanso anthu olemera kukawaseweretsa kumwamba ngati ana pa katungwe," anatero bambo ako. "Amenewo ndiwo maphunziro?"

Munakokanakokana mpaka tiyi anazizira. Iwo akati zombo zopita kutali kukafufuza zinthu zopanda malonda zimatumizidwa ndi maboma, iwe umati pepala limodzi m'boma limatha chaka likuyenda kuchoka pa tebulo ili kupita pa tebulo ilo. Ine ndinkangoyang'ana uku ndi uku, ndikudabwa kuti pakhomo pomwe denga la khitchini likudontha anthu akulimbirana mwezi. Kenako atsibweni ako, amene anali akuwodzera, anakhosomola. Anati, "Ine za maroketi sindizidziwa. Koma mwanayu ndi wa mbumba yanga, ndipo ndamva kumene mtima wake uli. Apite kukampaniko. Alamu, nkhani yatha." Bambo ako anangoti, "Zikomo alamu," n'kutenga chipewa chawo. Kuyambira tsiku limenelo mawu akuti roketi sanatulukenso m'kamwa mwawo pakhomo pano.

Ndibwereranso kwa bambo ako. Choyamba umve za ine, chifukwa mkangano wanuwo ine ndinauyamba kale iwe usanabadwe, kungoti wanga unali wa nandolo.

Chaka choyamba chimene ndinalima nandolo wambiri, ndinali mkazi watsopano wa mlangizi ndipo ndinkayenda ndi mapewa m'mwamba. Mavenda ankabwera pakhomo ndi sikelo zawo, ine n'kumawabweza. Ndinkawauza kuti, "Ine ndigulitsa kumsika wa boma, osati kwa inu akuba." Amayi anga, agogo ako, anandiuza kuti ndigulitseko theka. Ndinakana. Msika wa bomawo ankati utsegulidwa sabata yamawa, ikafika sabata yamawayo akuti ndalama sizinabwere kuchokera kulikulu. Ndinadikira, matumba ali m'chipinda chogona, ife tikugona mopanikizana ngati alendo. Tsiku lina ndinamva kachiphokoso kuchokera m'matumbamo, nditatsegula ndinapeza anankafumbwe atamanga mudzi. Pomwe msika unkatsegulidwa, nandolo wanga anali ufa wokhawokha, ndipo ndinakapatsa nkhumba za eni. Ndiye iwe ukamati boma limachedwa, usaganize kuti ukundiuza zachilendo. Amene amadya malonda ake akadzuka m'mawa amathamanga, ndipo ndikudziwa kuti kuthamanga kumeneko n'kumene kwakukoka. Pamenepo ndili nawe.

Koma usathamangire kuseka, chifukwa patapita zaka ndinalakwitsanso mbali inayo. Nditayamba geni yanga ya zokolola pa Migowi, ndinasanduka munthu wonyoza chilichonse cha boma. Chaka cha namondwe chija, iwe uli kuyunivesite, wailesi inkangobwereza kuti anthu okhala m'mphepete mwa mitsinje ndi m'tsinde mwa phiri asamuke, kukubwera mvula yoopsa. Bambo ako anandiuza kuti ndichotse matumba anga m'kanyumba kaja ndinkasungiramo katundu kufupi ndi mtsinje. Ine ndinati, "Za boma izo. Anthu olephera kutsegula msika pa nthawi yake angadziwe za mvula ya mkucha?" Madzi atatsika m'phiri ndi miyala yake, kanyumbako sindinakapezenso, ngakhale njerwa imodzi. Ine ndinaluza matumba, koma anzathu anataya anthu, ndipo za izo sindilemba pano. Pambuyo pake ndi iwe wemwe unandifotokozera pafoni kuti oona zanyengo aja sankalosera zam'mutu, ankaona mphepoyo ikubwera kuchokera kunyanja yaikulu pa zithunzi za masetilaiti amene maboma anaika kumwamba. Palibe amene anandilipiritsa chenjezo limenelo. Linabwera ulere pa kawailesi ka mabatire, ndipo mwina n'chifukwa chake ndinalipeputsa.

Masiku otsatira aja milatho itapita, anzanga ogula zokolola, amene ankanditchula "mayi wathu" nthawi ya malonda, sanaoneke ngakhale mmodzi. Sindikuwada, panalibe choti agule. Amene anafika ndi asilikali ndi anthu a chipatala, ena atanyowa mpaka m'chiuno. Bambo ako akamafunsa kuti ndani adzayang'ane anthu oti sangalipire, amakhala akuona masiku amenewo. Si nkhalamba yongokakamira zakale ayi. Komabe, poti ndine mayi wa geni, ndinenenso kuti msewu atangoukonza pang'ono, woyamba kubweretsa mchere ndi sopo m'mudzi muno anali bambo wina wa njinga wochokera ku Migowi. Anakweza mtengo, tinamutukwana, koma tinagula, ndipo tsiku limenelo tinadya ndiwo zomveka mchere.

Ndiye ukandifunsa kuti wolondola ndani pakati pa iwe ndi bambo ako, sindikuyankha, chifukwa ine zonse ziwiri zinandilumapo. Chimene ndikupempha n'chakuti ukakafika kumeneko, mabwana ako akamakambirana za amene agule zithunzi zawo, iwe uzikumbukira kuti unachokera kwa anthu a kawailesi ka mabatire. Sindikuti ukayambe chipolowe sabata yoyamba, angakubwezere pa ndege yomweyo. Gwira ntchito, phunzira zonse, ngakhale zimene akuganiza kuti sukuziona. Koma tsiku likadzafika loti mawu ako akumveka, udzafunseko kuti timabokosi mukutumiza kumwambati tikadutsa pamwamba pa phiri la Mulanje, pali amene tikumuthandiza pansipa? Ukadzangofunsa zimenezo, bambo ako adzakhala kuti sanayankhulire mphepo.

Ndipo usadzanyoze anthu a boma ukadzakumana nawo, poti ndamva kuti mumagwirira ntchito limodzi. Mwina adzakhala ndi nsapato zakutha ndi makompyuta akale. Uwapatse mpando. Sukulu ya pulayimale imene inakuphunzitsa kuwerengera, ija munkakhala pansi pa mtengo m'kalasi yoyamba, sinamangidwe ndi kampani. Ndikukumbutsa chifukwa ndimakudziwa, ukakhala kuti ukulondola nkhope yako imayankhula mwano ngakhale pakamwa patatsekedwa. Unatengera ine, ndiye sindingakudzudzule kwambiri.

Tsopano za bambo ako. Mvera bwino pano, Takondwa.

Bambo ako atangobwera kuchokera kwawo ku Ntchisi kudzakhala chikamwini m'mudzi mwathu muno, ine ndinafuna kuwaonetsa kuti akwatira mkazi wodziwa kuphika. Ndinawaphikira kalongonda, nyemba zathu zija zofuna kuwiritsa tsiku lonse n'kumataya madzi. Ndinadzuka m'mawa, ndinatha nkhuni zonse za amayi. Iwo anadya, anasamba m'manja, anadzuka osanena kanthu. Ine mtima unandiwawa. Ndinati basi, munthu wa ku ofesi uyu akunyoza chakudya cha Alomwe. Ndinaleka kuphika kalongonda, ndipo akandiyankhula ndinkayankha mawu amodzi amodzi. Zinatenga nyengo yonse ya dzinja tikukhala choncho. Tsiku lina mkazi wa mlangizi mnzawo anandipeza pachitsime n'kundifunsa kuti, "Mayi, kodi nyemba zimene amuna anu amazitama ku ofesi zija mumaziphika bwanji? Akuti chiyambire sanadyepo zotero, koma akuti munaphika kamodzi kokha." Ndinachita manyazi mpaka ndinabwerera ndi ndowa yosadzaza. Nditawafunsa madzulo, anati, "Ndinali pakhonde la apongozi. Mkamwini watsopano angamayamikire chakudya mokweza ngati kwawo ankagona ndi njala?" Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti bambo ako akakhala chete, usafunse nkhope yawo. Pita ukamve zimene akunena kwa anthu ena.

Lachinayi lapitali ndinapita pa Migowi kukagula zipi ya chikwama chako chaching'ono chija. Ukudziwa kuseri kwa telala kuja kumene madoda opuma ntchito amasewera bawo. Ndili mkati ndikusankha zipi, ndinamva mawu a aphunzitsi a Chikopa, aja anakuphunzitsa sitandade seveni, akunena kuti, "Pepani a mlangizi, tamva kuti mwana wanu wakana boma, wasankha akatangale a maroketi. Ana a masiku ano ndalama basi." Ndinaima ndi zipi m'manja, ndikuti lero ndimva zimene sizimveka kunyumba. Ndinamva bawo likugunda.

"Inu aphunzitsi," anatero bambo ako, "munaionapo roketi ikubwerera chafutambuyo n'kudzaima chilili ngati munthu? Ine ndaiona, pafoni ya telalayu, ndipo ndinamuuza abwereze. Maboma akhala ndi maroketi zaka zonsezi, ankaitaya yonse ulendo umodzi wokha. Lero akuchita kuhayala makampani kuti awanyamulire katundu. Inu mukudziwa zimenezo?"

Mawu ako, mwana wanga, momwe unawanenera pansi pa mtengo wa mapeyala, osasiyako ngakhale amodzi. A Chikopa anati, "Koma a mlangizi, si inu nomwe mumati kumwamba si msika?" Bambo ako anati, "Ndimatero ndithu, kunyumba kwanga. Koma mwana wanga sanapite kukagulitsa tomato. Wapita kumene ntchito ikuyenda, ndipo akadzaidziwa, boma lomweli lidzachita kumupempha." Telala anandiyang'ana, ine ndinamugwedezera mutu kuti asawauze kuti ndili mkati. Ndinalipira zipi n'kutulukira khomo lakutsogolo, ndikuseka ndekha msewu wonse ngati wozungulira mutu.

Madzulo ake, iwe uli kukwaya, ndinawapeza akukonza khola ndipo ndinawafunsa. Ndinati, "Bambo a Takondwa, zimene mumanena kwa telala zija, bwanji osamuuza mwini wake? Mwana akuyesa mwamutaya." Anasiya chingwe n'kundiyang'ana modabwa zenizeni. Anati, "Kumutaya? Ine? Amake Takondwa, eni mbumba anayankhula. Ine pano ndine mkamwini. Ndikaiyambanso nkhaniyi, ngakhale movomereza, zioneka ngati mawu a alamu amadikira chidindo changa. Ndakhala m'mudzi uno zaka zonsezi osapondapo phazi la achimwene anu, ndiyambe lero?" Ndinawafunsa ngati asintha maganizo pa za boma. Anati, "Ayi. Boma ndi boma, ndipo mwanayo akulakwitsa. Koma akulakwitsa mwanzeru, ndipo wina aliyense asamunene." Kenako anandifunsa ngati kumene ukupitako kumazizira, n'kubwerera ku chingwe chawo.

Waona tsono. Iwe unakulira m'masukulu ogonera komweko ndi m'tauni, mwambo wathu umaudziwa ndi mutu koma sunaone kulemera kwake pa munthu wobwera. Bambo ako anakulipirira sukulu, anakunyamula pa njinga kupita nawe kuchipatala uli ndi malungo, anakuphunzitsa kuwerenga pa timabuku ta feteleza. Koma tsiku logamula tsogolo lako, mwambo unawauza kuti akhale pambali, ndipo anakhala pambali mwaulemu. Ukawaona akutuluka iwe ukalowa, sikuti akuthawa iwe. Akuopa kuti akakhala nawe pansi pakamwa pawo patseguka. Ine mwambo wathu ndimaukonda, unandisungira munda ndi malo, ndipo udzakusungira iwenso. Koma sabata zimenezi ndawamvera chisoni amuna anga.

Zina zing'onozing'ono ndinene msanga, dzuwa likupendeka ndipo nkhuku sindinazitsekere. Uzidya, usamangokhalira tiyi ndi buledi chifukwa ntchito yachuluka. Ufa wa chinangwa ndakuikira pang'ono, akakulanda pabwalo la ndege usakangane nawo, ungowasiyira. Uziimba foni Lamlungu, ndipo ukaimba usamangoti "muwapatse moni ababa", uziti ndiwapatse foniyo. Uziwauza zimene mwapanga sabata imeneyo, ngakhale zovuta kumva, chifukwa iwo akazinyamula kupita nazo kwa telala. Uzikangana nawo ndithu za boma ndi makampani, usawalekerere. Munthu uja mkangano ndiye ndiwo zake, ndipo chipumireni ntchito palibe amene anawapatsa mkangano wokoma ngati iwe. Ukadzapeza mwamuna kumeneko tidzakambirana nthawi yake, koma umuuziretu kuti kwathu mwamuna ndiye amasamuka.

Tsopano ntchito ija ndinanena. Mwa mwambo, woyenera kukuperekeza mawa mpaka kubwalo la ndege ndi atsibweni ako, poti ndiwo eni mbumba. Koma atsibweni ako mawa adzuka ndi mwendo wotupa. Ndikudziwiratu chifukwa ndapita kwawo m'mawa uno kukawauza kuti utupe. Poyamba anakana, anati nsapato apolisha kale ndipo ndege sanaionepo pafupi. Nditawafotokozera zonse anafunsa kuti, "Wakumanja kapena wakumanzere?" Ndiye ukawaona akutsimphina m'mawa, uwapepese bwinobwino, usaseke.

Koma bambo ako sadzadzipereka okha, ngakhale atsibweni ako atagona pamphasa. Ayenera kupemphedwa, ndipo wowapempha ndiwe. Ukamaliza kuwerenga kalatayi upite kumene ali, ugwade monga ndinakuphunzitsira, unene kuti, "Ababa, ndikupempha mundiperekeze mawa." Usawonjezere za maroketi, usapepese, usafotokoze. Mwina ayankha kuti aona kaye ngati mbuzi zili ndi wozisamala. Usadandaule nazo. Pamene ndimafuna hang'ala ya diresi lako masana ano, ndapeza jekete lawo lakuda lija kuseri kwa chitseko, lochapa, lositasita, tayi ali kale m'thumba. Analisita okha, mobisa, munthu woti palibe amene wamuuza kuti akupita kulikonse.

Pita ukawapemphe, mwana wanga. Ine nditsalira pakhomo, ndikulirira pano pomwe, ndipo ulendo wonse wa minibasi ukhale wa inu awiri.

Ndine mayi ako,
amene akukunyadira kuposa momwe pepalali lingakwanire.